Tsiku Limene Adona Analira

Kuseri kwa nyumba ya a Malizani, kufupi ndi Makwasa, kunali shedi ya malata pansi pa mtengo wa mapeyala. M'shedimo munkagona galimoto imene mudzi wonse unkaitchula kuti Adona. Inali galimoto ya kalekale, yaitali, yoyera ngati mkaka, ya mipando yachikopa ndi chiwongolero cha thabwa lonyezimira. A Malizani anaiyendetsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, akunyamula bwana wamkulu wa pa esiteti ya tiyi, ndipo tsiku limene ankapuma pa ntchito bwanayo anawafumbatitsa makiyi nati, "Tengani. Ikudziwa inu, ine siindidziwa." Kenaka maso a mkuluyo anachita ng'ala, Adona n'kukhala pa njerwa zaka zinayi.

Tsopano Mervis, mwana wawo wachiwiri, ankakwatiwa Lamulungu, ndipo a Malizani anali atalonjeza pagulu kuti mkwatibwi adzafika ku tchalitchi pa Adona. Loweruka linali Sabata, pakhomopo sipanala sinkagwiridwa. Ntchito yonse inayenera kutha dzuwa la Lachisanu lisanalowe.

Lachitatu masana Teleza, mkulu wake wa Mervis, anali pa mpando wa dalaivala, phazi lili pa moto.

"Lizaninso, achemwali," anatero makaniko wa ku Limbe, mutu uli m'boneti.

Teleza anapotoza kiyi. Adona anatsokomola, nalira monjenjemera ngati munthu wa malungo. Patatha mphindi khumi, zii.

Amene anabwera naye makanikoyo anali Kingsley, mnyamata wa mashopu awiri pa Bvumbwe, amene a Malizani ankamufunira Teleza. Kingsley anatsamira chitseko, mafuta ake onunkhira n'kudzaza galimoto yonse.

"Madala, galimotoyi yatha," anatero. "Batire tasintha, mapulagi tasintha, petulo ndadzaza mpaka pakamwa. Mervis angokwera yanga ija, ili ndi mphepo yozizira mkati."

A Malizani anali pa mpando wawo wandalema, ndodo ili pakati pa miyendo. "Adona sanathe," anayankha. "Pali chimene akudandaula. Vuto n'lakuti inu simukumva."

Kingsley anaseka, nawerama pawindo, n'kuyandikitsa nkhope yake kwa Teleza. Foni yake inathwanima n'kujambula chithunzi mtsikanayo asanatembenuke n'komwe.

*

Chakumadzulo, Teleza akuanula zovala pa chingwe, foni yake inalira. Anali Douglas. Anamutumizira chithunzi chomwe chija, iye ali pa chiwongolero, Kingsley mano onse ali pamtunda. Pansi pake Kingsley anali atalemba kuti "Posachedwapa," n'kuikapo kamphete.

Douglas ankakonza makina a m'fakitale ya tiyi. Iye ndi Teleza anali atakondana chaka ndi theka, koma tsiku limene anafika pakhomopo kudzaonekera, a Malizani anamubweza pa geti. "Mwana wanga anaphunzira unamwino kuti azidzachapa ovolosi?" anatero tsikulo, ndipo kuyambira pamenepo awiriwo ankangoonana pa msika kapena pa kanjira ka m'tiyi.

"Zabwino zonse, mayi Kingsley," unatero uthenga wa Douglas.

Teleza anakoleka bulauzi paphewa n'kuyankha. "A Douglas, mwayamba liti kulondera masitetasi a anthu?"

"Anzanga asanu anditumizira. Mmodzi wachita kundipepesa ngati pagwa zovuta."

"Ndimaponda moto wa galimoto ya ababa. Tayang'anitsitsa nkhope yangayo. Munthu amene ali m'chikondi amaoneka choncho?"

Panapita kanthawi. Teleza ankaona kuti akulemba, n'kufufuta, n'kulembanso.

"Ikuoneka ya munthu amene akufuna kugenda wina ndi sipanala."

"Basitu."

"Pepa. Mtima unathamanga. Ikutani galimotoyo?"

Teleza anafotokoza zonse: kunjenjemera, kulira mphindi khumi, kuzima.

"Ikazima, mukaisiya kanthawi imaliranso?"

"Eya. Pakapita ngati theka la ola."

"Utsi wake ndi wotani?"

"Iwe, ukufunsa za utsi, sunandifunse n'komwe ngati ndadya."

"Wadya?"

"Ayi."

"Pepa kwambiri. Utsi wake ndi wotani?"

Teleza anaseka mpaka zovala zina kugwera pa udzu. Amayi ake, a Fainess, anasuzumira pawindo la khitchini, namuyang'ana.

*

Lachinayi m'mawa makaniko wa ku Limbe sanabwerenso, ndipo foni yake inangoti sikupezeka. A Malizani anakana phala. Anakhala m'shedi, dzanja lili pa boneti, ngati munthu wozonda wodwala.

A Fainess anabwera ndi lichero la chimera cha thobwa la paukwati, nakhala pa khonde la shediyo. Teleza ankasita diresi la Mervis pafupi ndi windo, khutu lili panja.

"Bambo a Teleza, mawa ndi Lachisanu."

"Masiku ndikuwadziwa."

"Pali mnyamata wina amene makina amamumvera. Ku fakitale chikavuta amachita kukamutenga pa njinga yamoto."

"Wa ovolosi uja?"

"Inu ndinakupezani mutavala chiyani? Si yunifomu ya kaki, chipewa chachikulu kuposa mutu?"

"Imene ija inali yunifomu ya dalaivala wa bwana wamkulu."

"Ndinkachapa ndine. Girizi wake ndi yemweyo." A Fainess anapeta chimera kawiri katatu. "Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma ngati mukufuna kuti Mervis akwere ya mphepo yozizira ija, anthu n'kumati a Malizani analonjeza mphepo, zili kwa inu."

Mkuluyo anagogoda ndodo pansi.

"Abwere. Koma akubwerera galimoto, osati munthu."

Teleza anazindikira mochedwa kuti simbi yaima malo amodzi. Mwamwayi inali pa nsalu ya pa tebulo, osati pa diresi.

*

Douglas anafika Lachisanu mame asanakamuke, ovolosi yabuluu yochapa bwino, bokosi la zida lili kumbuyo kwa njinga yake yamoto. Anagwada patali pang'ono, napereka moni. A Malizani anayankha mwachidule.

"Ababa, ine ndimadziwa makina a tiyi," anatero Douglas. "Adona mukuwadziwa ndinu. Mundibwereke makutu, ine ndikubwerekani maso."

Teleza anaona kuti mkuluyo akokera mpando wawo pafupi.

Anayamba ndi zimene makaniko uja anazidumpha. Anakhetsa oyilo wakale, wakuda bii ngati phula la mumsewu, nathira watsopano. Douglas anamasula kabuleta, naitsuka m'beseni la petulo ndi mswachi wakutha, akuyala timasikuluwu pa nsalu mwa dongosolo lake. Teleza ankamupatsira zida. Anakulira m'shedi momwemo, ndipo sipanala ankaidziwa ndi maso, osachita kuwerenga nambala.

"Ya thetini," anatero Douglas.

"Pamenepo ndi pa thwelofu."

Douglas anayesa ya thetini, inapotoloka yokha. Anatambasula dzanja osamuyang'ana, Teleza n'kumuikira ya thwelofu, chala chake n'kuchedwa pang'ono m'chikhatho chakecho.

Ataliza injini, kunjenjemera kuja kunayambiranso. A Malizani anapendeketsa mutu.

"Akutsimphina. Awa akuyendera miyendo inayi pomwe ali nayo isanu ndi umodzi. Mnyamata, tandiwerengera mawaya a mapulagiwo, kuyambira pa chivundikiro chawocho, mmene akuzungulira."

Douglas analondola waya uliwonse ndi chala. "Wani, faifi, sikisi, firii..."

"Ima pomwepo." Mkuluyo anadzuka, napapasa injini mpaka anagwira mawayawo. "Wani, faifi, firii, sikisi, thuu, folo. Ndinaloweza zimenezi iwe usanabadwe. Wa ku Limbe uja wasemphanitsa awiri."

Douglas anawasinthanitsa. Teleza atapotozanso kiyi, Adona analira mosalala, mawu apansipansi, ndipo khobidi limene a Malizani anaimika pa injini silinagwe. Mkuluyo anamwetulira, koma atakumbukira kuti pali mlendo anabweza nkhope.

Mphindi khumi zitakwana, Adona anafooka, nazima ngati kale.

*

"Moto ulipo," anatero Douglas akupukuta manja. "Ndiye kuti mwina ndi njala. Tiyeni tiwadyetse m'manja tione."

Anazula paipi yochokera ku thanki, nalowetsa ina m'kachigubu ka petulo kamene anakaimika pambali. Adona analira mphindi khumi, makumi awiri, theka la ola, osatsokomola.

"Kutsogolo kuno kulibe mlandu, ababa. Vuto lili kumbuyo."

"Pitiriza," anatero a Malizani.

Podikira kuti injini izizire, anatembenukira ku mabuleki. Douglas anagona pansi pafupi ndi tayala, Teleza ali pa mpando.

"Ponda. Pondanso. Gwira pomwepo."

"Ndagwira."

"Usasiye."

"Ine sindisiya. Amene amathamanga mtima ndi ena."

"Siya tsopano."

"Wanena wekha kuti ndisiye?"

"Buleki, Teleza. Ndikunena buleki."

A Malizani anatsokomola mwamphamvu, onse awiri n'kukhala chete.

Dzuwa litapendeka anabwezeretsa paipi ya ku thanki. Anasefa, anapemerera, anasuzumira paliponse, koma Adona anazimanso pa nthawi yawo yomwe ija. Ndi pamene galimoto ya Kingsley inaima pa geti, nyimbo zili pamwamba. Anatsika atavala shati yoyera, nayang'ana miyendo ya Douglas imene inatulukira pansi pa galimoto.

"Kodi mwaitana a ku fakitale? Madala, iyi si makina ofotetsera masamba." Anatembenukira kwa Teleza. "Mwina anzathuwa amwetsa petulo yense ku njinga yawo. Ine ndinadzaza."

Teleza anapita kumbuyo kwa galimoto kuti aonetse Kingsley kuti petulo alimo, nagwira chotsekera cha thanki. Chinalimba ngati wina akuchikoka mkati. Anapotoza ndi manja awiri, ndipo chitatseguka panamveka kaphokoso ka mpweya wolowa, fyuu.

"Nonse khalani chete," anatero a Malizani. "Teleza, chalira n'chiyani?"

"Thanki, ababa. Yakhala ngati yapuma."

"Thanki sipumira pakamwa. Ili ndi mphuno yake." Mkuluyo anali ataimirira kale. "Mnyamata, pamwamba pa tayala la kumanja, kuseri, pali kapaipi kakang'ono koloza pansi. Ukukaona?"

Kunamveka kukwawa. "Ndakaona, ababa. Kadzaza dothi louma. Mavu anamangamo nyumba."

"Zaka zinayi alendi osalipira," anatero a Fainess, amene anali atafika ndi chikho cha madzi m'manja.

Douglas analankhula ali pansi pomwepo. "Petulo akamatuluka, mpweya umayenera kulowa m'malo mwake. Mphuno ikatsekeka, pampu imakoka mpaka kulephera. Ndipo thanki ikadzaza kwambiri, m'pamene imafulumira kubanika."

Teleza sanamuyang'ane Kingsley. Anangoluma mlomo kuti kuseka kusatuluke.

Douglas anatokosa kapaipiko ndi waya, dothi lonse n'kumukhuthukira kumaso. Anatuluka akuphethira, nsidze zili mbuu. Teleza anagwada, nanyowetsa nsonga ya chitenje chake m'chikho cha amayi ake, n'kuyamba kumupukuta m'maso pang'onopang'ono, monga ankachitira ndi odwala, ngakhale odwala sankawagwira chibwano nthawi yaitali choncho.

"Maso anga ndi akufa," anatero a Malizani, "koma chete ameneyu ndikumumva. Lizani galimoto."

Adona analira. Mphindi khumi zinakwana, onse akuyang'ana wotchi ya pa foni. Zinadutsa. Zitafika makumi atatu, a Fainess analuluta, ndipo Mervis anatuluka m'nyumba akuthamanga, tsitsi loluka mbali imodzi, n'kukumbatira boneti. Kingsley anati ali ndi katundu woti akalandire pa Bvumbwe. Palibe anamuletsa.

*

Anatsitsa Adona pa njerwa, napopa matayala. Teleza ndiye anagwira chiwongolero, pakuti bambo ake anamuphunzitsa pa galimoto yomweyo ali Fomu 3. A Malizani anapapasa chitseko cha kutsogolo, koma Douglas anali atatsegula kale cha kumbuyo, ataima chilili, dzanja lina kumsana.

"Bwana, malo anu ndi kuno."

Mkuluyo anazengereza. Kenaka analowa, nakhala, nasisita chikopa cha mpandowo ndi manja onse awiri.

"Zaka zonse zija mpando uwu ndinkangouonera pa galasi," anatero. "Kani ndi wofewa chonchi? N'chifukwa chake bwana ankagona tisanafike pa Thyolo."

A Fainess anakhala pambali pawo, Douglas kutsogolo. Anatsika ndi msewu wafumbi wodutsa pakati pa minda ya tiyi, yobiriwira mbali zonse mpaka kukagunda mitengo ya bulugamu. Amayi othyola tiyi anali akuweruka, madengu ali kumsana. Ataona galimotoyo anaima, ena n'kuyamba kukuwa dzina la Adona, ena kuvina m'mbali mwa msewu. Mlonda wina wachikulire pa mphambano anaimika sawasha. A Malizani anauzidwa, nakweza dzanja pawindo mwaulemu wonse, ngati munthu amene anazolowera.

"Teleza, giya yachitatu pa chitunda ichi. Usawakakamize. Mnyamata, ukumva mmene akukokera?"

"Ndikumva, ababa."

"Oyilo azisinthidwa ngakhale asakuyenda. Sabata iliyonse azilizidwa, aziyendako pang'ono. Galimoto imafa ndi kukhala."

"Ndizibwera Lamulungu lililonse, mukandilola."

Teleza sanachotse maso pamsewu. Pagalasi anaona amayi ake akugunyuza bambo ake ndi chigongono.

"Kapaipi kaja uzikayang'ana," anatero mkuluyo. "Mavu sachedwa kubwerera."

Douglas anayang'ana kunja kuti abise kumwetulira. Teleza anaimba hutala popanda chifukwa chilichonse, mbuzi za m'mbali mwa msewu n'kubalalika.

*

Anabwerera dzuwa litatsala pang'ono kukhudza mitengo. Zida zinalowa m'bokosi nthawi ikadalipo. A Malizani anauza Douglas kuti akhale pa khonde la nyumba, osati la shedi, ndipo anayamba kumulankhula m'Chilomwe, chimene ankachita ndi anthu okhawo amene awalowa mumtima. A Fainess anabweretsa thobwa mu jagi, Teleza atanyamula makapu.

"Douglas," anatero mkuluyo. Kanali koyamba kumutchula dzina. "Ine ndinaweruza ovolosi, sindinaweruze munthu. Ukwati wa Merviswu ukadutsa, amalume ako abwere adzaonane ndi alamu anga, amalume ake a Teleza. Zinthu ziyende m'njira yake."

Douglas anatsika pa mpando, nagwada.

"Zikomo, ababa. Ndikawauza mawa lomwe. Iwo ndi amene anandilera, adzakondwa kwambiri."

"Ndani dzina lawo?"

"A Mathew Namakhwa, a ku Nsabwe."

A Fainess anali akutsanulira thobwa m'kapu ya Douglas. Anasiya ili theka.

"Mathew wake uti? Amene anakhalitsa ku Joni?"

"Omwewo, amayi. Anabwerako ine ndili wamng'ono. Mukuwadziwa?"

"Nsabwe ndi kwathu," anatero a Fainess. Anaika jagi pansi bwinobwino, nalowa m'nyumba.

Amuna awiriwo anapitiriza kukamba za mabuleki. Teleza anadikira pang'ono, kenaka anawatsatira amayi ake. Anawapeza kuchipinda, atakhala pa bedi, akupinda mpango umene unali wopinda kale.

"Amayi, chavuta n'chiyani?"

"Tseka chitseko."

Teleza anatseka.

"Ndisanakumane ndi ababa ako, ndinali pa chitomero. Tsiku la chinkhoswe kwathu anaphika, anthu anadzaza bwalo. Achimwene anga, amalume ako omwewa, anakhala pa mphasa kuyambira m'mawa kudikira a kuchimuna, mpaka nkhuku zinalowa. Mwamunayo n'kuti atakwera basi ya ku Joni dzulo lake, ndi mnzanga amene ndinkagona naye mphasa imodzi." Anaika mpango uja pambali. "Ababa ako amadziwa kuti zinachitika. Dzina sindinawauzepo."

Teleza anatsamira chitseko. "Ndi a Mathew?"

"Achimwene analumbira pa manda a amayi athu kuti sadzakhala naye pa mphasa imodzi. Inenso ndinalumbira zanga."

"Koma amayi, Douglas sanali n'komwe padziko."

"Ndikudziwa. Ndi mwana wabwino, ndipo ndine ndamulowetsa pakhomo pano." A Fainess anadzutsa maso, ali ouma. "Koma munthu amene anamulerayo, ine ndili moyo, sadzaponda bwalo langa kudzapempha mwana wanga."

Panja a Malizani anaseka kwambiri, kuseka kumene Teleza anali asanakumve chiyambire matenda a maso aja. Kenaka anaitana mokweza, kuti ndi oyandikana nawo omwe amve.

"Mayi a Teleza, bwerani mudzamalize kutsanulira thobwali. Mkamwini wanu ali ndi ludzu."